Pangano la pa Kompyuta Nalonso Liyesedwe Ngati Mbewu

Mlimi wosamala sakhulupirira mbewu poona kukongola kwa thumba lake. Amatapako njere 100, n'kuzifesa pa dothi lonyowa, ndipo pakapita masiku angapo amawerenga zimene zamera. Zikakanika, iye wataya njere zodzaza m'manja basi, osati munda wonse. Mwezi uno tikambirane za luso lina limene likufunika kulisamala chimodzimodzi.

Mabungwe ena ayamba kugwiritsa ntchito blockchain pa inshuwalansi ya mbewu. Ameneyu ndi kaundula amene amasungidwa pa makompyuta ambiri nthawi imodzi, kotero kuti munthu mmodzi sangafufute zolembedwamo. M'kaundulayu amaikamo pulogalamu yotchedwa smart contract, ndiko kuti pangano lodzikwaniritsa lokha: mvula ikachepa kufika pa mlingo umene anagwirizana, ndalama zimapita kwa mlimi popanda kudikira siginecha ya bwana. Ku Kenya, mu 2021, Etherisc ndi ACRE Africa anayesa njirayi pakati pa alimi ang'onoang'ono.

Ubwino wake ndi womwenso uli kuopsa kwake. Pangano lotere likakhazikitsidwa, kulisintha n'kovuta, ndipo limachita zimene linalembedwa, ngakhale zitakhala zolakwika. Mu June 2016, thumba la ndalama lotchedwa The DAO, pa blockchain ya Ethereum, linaberedwa ma ether pafupifupi 3.6 miliyoni. Pulogalamuyo inkatumiza ndalama isanalembe kuti munthuyo watapako, choncho wakubayo ankangobwereza kutapa. Yerekezani msungichuma wa banki m'khonde amene amapereka ndalama asanatsegule buku. Madzi akatayika saoleka.

N'chifukwa chake olemba mapulogalamu odziwa ntchito yawo amayamba ayesa panganolo pa kompyuta yawo. Pogwiritsa ntchito zida monga Hardhat kapena Foundry, amapanga blockchain yoyeserera imene sikhudzana ndi yeniyeni. M'menemo muli ndalama zongoyerekeza ndi alimi ongoyerekeza, ndipo masiku angathe kuthamangitsidwa kuti nyengo yonse ya dzinja ithe m'kanthawi kochepa. Kenaka amalemba mayeso, lililonse ndi yankho limene likuyembekezeka. Kodi mvula ikachepa, mlimi walandira ndalama zokwanira? Nanga ikafika ndendende pa mlingo wogwirizana? Nanga chipangizo choyezera mvula chikaleka kutumiza uthenga? Munthu yemweyo akafuna kulandira kawiri, kapena mlendo akafuna kutapa m'thumbamo, kodi panganolo likukana? Mayesowa amayenda okha nthawi iliyonse pamene wolembayo wasinthako kanthu, ndipo limodzi likalephera, ntchito imaima kufikira vutolo litakonzedwa.

Komabe mayeso amayankha mafunso okhawo amene afunsidwa, ndipo apa ndi pamene alimi ndi alangizi ali ndi mbali yaikulu. Dziko la Malawi linaphunzirapo phunziro lowawa, ngakhale kuti nkhaniyo sinali ya blockchain. Boma linagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity ya nyengo ya 2015/16. Chilala chitagwa, anthu oposa 6 miliyoni anasowa chakudya, koma pulogalamu yowerengera inaonetsa kuti okhudzidwa anali ochepa kwambiri, ndipo poyamba ndalama sizinatuluke. Atafufuza anapeza kuti m'pulogalamumo munaikidwa chimanga chochedwa kucha, pamene alimi ambiri anadzala chocha msanga. Atakonza, madola 8.1 miliyoni anaperekedwa mu January 2017, njala itasautsa kale mabanja. Makina anawerengera bwino lomwe. Cholakwika chinali zimene anauzidwa za m'munda.

Tsono alendo akafika m'dera lanu ndi chitukuko cha mtunduwu, musachite manyazi kufunsa. Apempheni aonetse komiti yanu mndandanda wa mayeso amene anachita, m'chinenero chimene aliyense angamve. Apatseni zaka zimene anthu akukumbukira kuti kunali chilala kapena madzi osefukira, ndipo ayendetse panganolo ndi mvula ya zaka zimenezo kuti muone ngati likanalipira. Auzeni mtundu wa mbewu imene mumadzala ndi nthawi imene mumadzala. Funsani kumene chiwerengero cha mvula chimachokera, ndi kutalika kwa malowo kuchokera kuminda yanu, pakuti mvula imatha kugwa tsidya lino n'kusiya tsidya linalo. Funsaninso ngati akatswiri ena apadera anaunika pulogalamuyo, ndiponso amene mudzamudandaulire ngati ndalama sizinabwere.

Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi mafunso otere. Amene akukuuzani kuti kompyuta silakwitsa, ndiye woyenera kusamala naye. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.