Thandizo Lifike ku Makomiti a M'midzi

Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba, zimbudzi ndi milatho m'chigawo cha kum'mwera. Matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira anthu ku Chilobwe. Pa nthawiyo n'kuti dziko lili kale pa mliri wa kolera, umene unapha anthu oposa 1,700. Madzi osefukira akalowa m'chitsime, matenda otsegula m'mimba sachedwa kufika pakhomo.

Utsi umene ukusokoneza nyengo umachokera makamaka ku maiko olemera. Wa ku Malawi ndi wochepa zedi. N'chifukwa chake mu 2022, pa msonkhano wa ku Egypt, maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandizira maiko osauka amene aonekeredwa ngozi zotere.

Koma ndalamazo zisathere m'maofesi ndi m'misonkhano ya m'tauni. Zifike ku makomiti a m'midzi a zaumoyo ndi a zachilengedwe. Iwowa ndiwo amafesa mbande za mitengo, kubzala nsungwi m'mbali mwa mitsinje ndi kukonza mijigo, kawirikawiri popanda malipiro, ngakhale wilibala alibe. Mlendo ndi mame, koma komiti ya pamudzi sichoka. Nayonso komitiyo izilemba tambala iliyonse imene yalandira, ndi kuwerengera anthu onse pabwalo la mfumu.