Funsani Tsiku Lotha Musanalandire Makompyuta



Ndiloleni ndilankhulepo m'nyuzipepala yathu yokondedwayi pa nkhani ya makompyuta amene anthu akufuna kwabwino amapereka ku masukulu ndi ku maofesi a mipingo. Ena mwa makinawa amabwera ndi Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta imene munthu angathe kuitenga osalipira, ndiponso aliyense ali ndi ufulu woona m'kati mwake ndi kuikonza. Zimenezi n'zabwino ndithu, koma tisamaganize kuti chinthu chikakhala chaulere ndiye kuti chidzasamalidwa mpaka kale.

Linux ilipo ya mitundu yambiri, ndipo mtundu uliwonse uli ndi eni ake amene amatumiza zigamba zotseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo. Eni akewo amaika tsiku losiya ntchitoyi. Tsikulo likadutsa kompyuta imayaka monga mwa masiku onse, koma palibenso amene akuisoka.

Taonani zimene zidachitika ku America. M'chaka cha 2003 kampani ya Red Hat idasiya mtundu wake wotchuka wa Red Hat Linux ndi kuika anthu pa mphambano. Njira ina idali Fedora, yaulere, imene imatuluka yatsopano pafupifupi miyezi 6 iliyonse ndipo imasamalidwa miyezi ngati 13 yokha. Inayo idali Red Hat Enterprise Linux, yolipira, imene masiku ano imasamalidwa zaka 10. Amene adali ndi Red Hat Linux 9 chisamaliro chawo chidatha pa 30 Epulo 2004.

Ambiri osafuna kulipira adathawira ku CentOS, imene idayamba mu 2004 ndipo inkafanana ndi yolipira ija. CentOS 8 idatuluka mu 2019 ndipo anthu ankayembekeza kuti ifika 2029. Koma mu Disembala 2020 kudalengezedwa kuti ithera pa 31 Disembala 2021, ndi kuti mphamvu zonse zipita ku mtundu wina wotchedwa CentOS Stream. Amene adatchera khutu adasamukira ku AlmaLinux kapena Rocky Linux, zimene zidatuluka mu 2021 pamodzi ndi njira yosamukira popanda kufafaniza zonse. Nanga amene sankadziwa n'komwe dzina la zimene zili m'makina awo akadasamuka bwanji?

Sindikunyoza kampani ayi, pakuti nayo ili ndi antchito ofuna malipiro. Ndikudzudzula ife olandira. Pa msonkhano wa komiti yathu ndidafunsa kuti makompyuta a pasukulu pathu ali ndi Linux yanji, ndipo tonse, ine ndemwe, tidangoyang'anana. Komatu m'menemo ndi mmene muli maina ndi zotsatira za mayeso za ana athu. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono pempho langa kwa abusa, ansembe, aphunzitsi aakulu ndi makomiti ndi ili. Tsiku lolandira mphatso, mukatha kuthokoza, funsani dzina la Linux imene ilimo, nambala yake ndi tsiku limene chisamaliro chake chidzathe. Lembani zimenezi papepala ndi kumata pa makinawo. Ngati mwapatsidwa mwayi wosankha, tengani mtundu wokhalitsa. Mwachitsanzo, Ubuntu yolembedwa LTS imatuluka zaka ziwiri zilizonse mu Epulo ndipo imasamalidwa zaka 5, pamene inzake ya pakati imasamalidwa miyezi 9 yokha.

Kukatsala chaka kuti tsiku lija likwane, pezani munthu wodziwa ntchitoyi ndipo ikani pambali ndalama ya ulendo wake ndi ya intaneti. Ayambe wayesa pa kompyuta imodzi, osati onse nthawi imodzi. Asanakhudze chilichonse, koperani makalata onse pa fulashi, ndipo kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati asachoke m'buku lolemba pamanja.

Ena anena kuti kwathu kuno kulibe intaneti, choncho za zigamba sizitikhudza. Abale, kuchedwa kuli ndi mtengo wake. Ubuntu 20.04 sidumphira ku 24.04 mwachindunji, iyenera kudzera pa 22.04. Mukakhala zaka zambiri osasuntha, makwerero amachuluka, ndipo mapeto ake wokonza adzangoti tifafanize zonse tiyambirenso. Apo ndi pamene kaundula wa zaka zambiri amatayika ngati sadakoperedwe.

Kufunsa si kunyoza wopereka. Safunsa adadya phula.



Mlembi wa komiti ya sukulu,
Ntcheu.