Msika wopanda mboni

Owerenga athu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, sabata ino tikambe za msika wina wa kutsidya kwa nyanja, umene ngakhale uli kutali, macitidwe ace si acilendo kwa inu.

Ku America ndi ku Ulaya masheya a makampani agulitsidwa pa msika wa poyera, pamene mtengo ulengezedwa kuti aliyense aumve. Ifenso tili nao wotere ku Lusaka, umene unatsegulidwa mu 1994. Koma mabanki akuluakulu ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni ali ndi misika yao yamseri yochedwa dark pools, ndiko kunena maiwe amdima. Misikayi inayamba ku America m'zaka za m'ma 1980. M'menemo palibe aona amene afuna kugula, kapena kuculuka kwa masheya amene ali pa malonda, kufikira zonse zitatha.

Cifukwa cace ncomveka. Munthu akatulutsa ng'ombe 200 pa bwalo tsiku limodzi, ogula adzati uyu wapanikizika, ndipo mtengo udzagwa asanagulitse ngakhale khumi. Tero wamalonda wamkulu abisa katundu wace, nafuna mnzace wamkulu kumbali. Pamenepa sitimtsutsa.

Koma nkhani yagona apa: mtengo umene agulitsirana mumdimamo autenga ku msika wa poyera. Amwa pa citsime cimene sathandiza kukumba. Malonda ambiri akathawira kumseri, mtengo wa poyera upangidwa ndi anthu ocepa, nuleka kunena zoona. Ndiponso kumene kulibe mboni cinyengo sicicedwa. Mu 2016 mabanki a Barclays ndi Credit Suisse analipitsidwa ku America madola oposa 150 miliyoni onse pamodzi, cifukwa ca mmene anayendetsera misika yao yamseri. Mu 2018 maiko a ku Ulaya anaika malire pa malonda otere.

Tsopano tibwerere kwathu. Acikulire akumbuka masiku a NAMBOARD, imene inathetsedwa mu 1989, pamene mtengo wa cimanga unali kudziwika kwa onse, ngakhale malipiro anali kucedwa. Lero FRA ilengeza mtengo wa thumba la makilogalamu 50, koma isanatero ogula oyendayenda akhala atafika kale m'midzi, cimanga cisanaume bwino. Agula pa khomo, ndi meda, nyumba ndi nyumba. Wa kumpoto kwa mudzi sadziwa cimene wa kumwera walandira.

Uwu naonso ndi msika wamdima, koma woipa kuposa wa ku New York. Kumeneko onse awiri ndi njobvu, ndipo onse adziwa mtengo wa poyera. Kuno wina adziwa mtengo wa ku Lusaka ndi wa ku malire a Chanida, pamene mnzace adziwa cabe kuti mwana afuna yunifomu ndipo mcere watha m'nyumba.

Msika wa ZAMACE unakhazikitsidwa mu 2007 kuti mbeu zigulitsidwe poyera, koma mlimi wa matumba khumi saufika yekha. Angaufike pamodzi ndi anzace. Cotero tipempha anyakwawa ndi atsogoleri a makopaletivu kuti caka cino asankhe malo amodzi ndi tsiku limodzi logulitsira, pakhale sikelo yoyesedwa, ndipo wogula aliyense achule mtengo wace mokweza, anthu onse akumva.