Khadi latsopano la 8GB ndi chikomekome cha mkuyu

Aliyense amene adamangapo kompyuta yosewerera magemu akudziwa komwe ndalama zambiri zimathera. Bokosi, mafani ndi timagetsi towala ndi zokongoletsa chabe. Ndalama zenizeni zimapita ku khadi lojambula zithunzi pa sikirini, lija tonse timangolitcha graphics card. Nthawi zambiri khadi limeneli limadya gawo lalikulu la ndalama zonse, ndipo ndi lomwe limagamula ngati gemu iziyenda myaa kapena izichita chibwibwi. Choncho ndikufuna ndinene mosapita m'mbali: kugula khadi latsopano la madola 300 kapena kuposerapo lokhala ndi memore ya 8GB yokha ndi kutaya thukuta lako, ndipo makampani amene akugulitsa makhadi otere akudziwa bwino zomwe akuchita.

Tiyambe ndi ntchito ya memore imeneyi, yomwe odziwa amaitcha VRAM. Taganizirani telala wa pakhonde. Makina ake akhoza kukhala abwino, iye mwini n'kukhala katswiri, koma ngati tebulo lake ndi laling'ono, nsalu zambiri azisiya m'nyumba. Akafuna chidutswa china ayenera kuimika makina, kulowa m'nyumba, kukatenga, n'kubwerera. Chipu cha pa khadi ndiye telala, VRAM ndiye tebulo. Maonekedwe a makoma, nkhope, udzu, mithunzi ndi kuwala, zonse ziyenera kukhala pa tebulopo kuti chipu chizitole msanga. Tebulo likadzaza, khadi limakatenga zotsalazo ku memore ya kompyuta kudzera pa polowera pa PCIe, njira yochedwa kwambiri poyerekeza ndi memore ya pa khadi pomwepo. Wosewera amaona zithunzi zikuima kaye n'kudumpha, kapena khoma lomwe linali looneka bwino likusanduka phala. Magemu ena amangotsekeka okha.

Chowawa n'chakuti tebulo limeneli silikulitsidwa. Memore ya kompyuta mutha kuwonjezera mawa mukapeza ndalama. Malo osungira mafayilo mutha kugula ena. Koma VRAM imawotcheredwa pa khadi ku fakitale. Zomwe mwagula lero ndi zomwe mudzakhale nazo mpaka khadilo litatha ntchito.

Tsopano onani mbiri yake. Mu 2016 kampani ya AMD idatulutsa Radeon RX 480 ya 8GB pa madola 239. Chaka chomwecho Nvidia idatulutsa GeForce GTX 1070, nayo ya 8GB, pa madola 379. Patapita zaka 9, mu Meyi 2025, Nvidia idatulutsa RTX 5060 pa madola 299, memore yake 8GB yomweyo. Mwezi wotsatira AMD idabweretsa RX 9060 XT ya 8GB, nayonso pa madola 299. Mwana amene adayamba sitandade 1 pamene RX 480 inkatuluka adamaliza pulayimale tebulo la telala lili lomwe lija. Nthawi ina zinthu zidachita kubwerera m'mbuyo: RTX 3060 ya mu 2021 idabwera ndi 12GB, koma RTX 4060 yomwe idalowa m'malo mwake mu 2023 idabwera ndi 8GB.

Magemu sadayime kudikira makampaniwa. PlayStation 5 ndi Xbox Series X, zomwe zidatuluka mu Novembala 2020, zili ndi memore ya 16GB iliyonse. N'zoona kuti memoreyo imagawidwa pa ntchito zonse za makinawo, komabe opanga magemu akuluakulu amayesa nsalu yawo pa makina amenewa. Zotsatira zake tidaziona mu 2023, pamene Hogwarts Legacy ndi The Last of Us Part I zidafika pa kompyuta n'kuvutitsa makhadi a 8GB, ngakhale aja a chipu champhamvu ngati RTX 3070, yomwe anthu adagula pa madola 499 kapena kuposa mu 2020. Indiana Jones and the Great Circle ya mu Disembala 2024 idabwereza phunziro lomwelo. Amene adagula RTX 3070 sadanamizidwe za liwiro la chipu. Adagula telala waluso, koma adamupatsa tebulo laling'ono.

Chomwe chimandikwiyitsa kwambiri ndi nkhani ya mayina. RTX 5060 Ti idatuluka mu Epulo 2025 ili mitundu iwiri: ya 8GB pa madola 379 ndi ya 16GB pa madola 429. RX 9060 XT nayo idatuluka pawiri: 8GB pa madola 299, 16GB pa madola 349. Dzina limodzi, bokosi lofanana, chipu chimodzi, koma moyo wa makhadiwo ndi wosiyana kutali. Munthu amaonera vidiyo yoyamikira RTX 5060 Ti, osazindikira kuti loyesedwalo ndi la 16GB, kenako amapeza lina la dzina lomwelo lotsikirako mtengo n'kuganiza kuti wachita mwayi. Ovutika kwambiri ndi makolo ogulira mwana mphatso ndi anthu ogula kompyuta yomangidwa kale, chifukwa pa chikwangwani pamalembedwa dzina la khadi ndi zilembo zikuluzikulu pomwe memore imabisala pansi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Khalidweli si lachilendo. Mu 2015 zidadziwika kuti pa 4GB ya GTX 970, gawo la 3.5GB lokha ndi lomwe linkathamanga mokwanira, ndipo nkhaniyo idafika kukhoti ku America mpaka Nvidia idavomera kubwezera ogula madola 30 aliyense. Mu 2022 kampani yomweyo idalengeza makhadi awiri osiyana mphamvu onse otchedwa RTX 4080, lina la 16GB lina la 12GB. Anthu atakwiya, idachotsa la 12GB lija lisanafike m'masitolo, n'kudzalitulutsa mu Januwale 2023 ndi dzina lakuti RTX 4070 Ti, mtengo utatsika ndi madola 100. Nkhani imeneyi ikutiphunzitsa zinthu ziwiri: dzina la pa bokosi ndi chida cha otsatsa malonda, ndipo ogula akakana, makampani amamva.

Ena anditsutsa, ndipo mfundo yawo ndiyenera kuilemekeza. Anena kuti osewera ambiri amagwiritsa ntchito sikirini ya 1080p, ndipo magemu awo ndi Counter-Strike 2, Valorant, Fortnite kapena mpira wa EA Sports FC, omwe safuna memore yambiri. Frank Azor wa ku AMD adapereka mfundo yonga yomweyi poteteza khadi lawo la 8GB. N'zoona, ndipo ngati muli kale ndi khadi la 8GB lomwe likukusewetsani bwino, musalitaye. Koma munthu sagula khadi la madola 300 kuti azisewera gemu imodzi mpaka kalekale. Magemu opepukawo amayenda ngakhale pa khadi lakale lotchipa. Wolipira mtengo wa khadi latsopano akulipirira magemu a chaka chamawa ndi chinacho. Kumuuza kuti zomwe akusewera lero zimukwanira kuli ngati kugulira mwana wa zaka khumi nsapato yomuthina kale n'kumati phazi silikula.

Ena anena kuti nzeru zatsopano monga DLSS ndi FSR zithetsa vutoli. Nzeruzi zimathandizadi: khadi limajambula chithunzi chaching'ono n'kuchikuza mwaluso. Koma palinso njira ina yoti khadi lizipeka zithunzi zowonjezera pakati pa zenizeni, ndipo pamenepa m'pofunika kusamala. Mu Januwale 2025, pa chionetsero cha CES ku Las Vegas, mkulu wa Nvidia Jensen Huang adauza dziko kuti RTX 5070 ya madola 549 ili ndi mphamvu za RTX 4090. Oyesa makhadi atayesa okha adapeza kuti mawuwo amakhala oona pokhapokha mutawerengera zithunzi zopekazo. Komanso kupeka zithunzi kumafuna VRAM yowonjezera, chimodzimodzi kuwala kwa ray tracing komwe kumalembedwa monyadira pa bokosi. Akukugulitsani khadi ndi malonjezo omwe tebulo lake silingawanyamule.

Kwa ife kuno nkhaniyi ndi yolemera kuposa kwa wogula wa ku London. Iye khadi likamukhumudwitsa amalibweza kusitolo kapena kuligulitsa n'kuwonjezera pang'ono. Ife khadi limabwera ndi m'bale kuchokera ku Johannesburg kapena kudzera kwa oitanitsa katundu ku Dubai ndi ku China, ndipo likafika lafika. Pamwamba pa mtengo wa madola pali zonyamulira, msonkho ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi madola chidakwera tsiku limodzi. Munthu wogula m'nyengo yotere akufuna khadi lomwe limutumikire zaka zisanu kapena kuposa. Kwa iye madola 50 omwe ankasiyanitsa 8GB ndi 16GB pamene makhadiwa ankatuluka mu 2025 ndi ndalama zambiri, koma ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi kugulanso khadi lina pakatha zaka ziwiri.

Ndisamveke ngati ndikuti memore ndiyo zonse. M'masitolo ena mudzapeza GT 730 ya mu 2014 ikutsatsidwa kuti ndi "graphics ya 4GB", ndipo osadziwa amakopeka ndi nambalayo. Chipu chake ndi chofooka moti magemu amakono sichingawathe ngakhale mutachipatsa memore yochuluka bwanji. Tebulo lalikulu silisoka malaya ngati telala alibe luso. Zonse ziwiri ziyenera kuyendera limodzi: chipu chokwanira sikirini yanu, ndi memore yokwanira chipucho.

Nanga munthu achite chiyani? Yambani ndi sikirini yomwe muli nayo ndi magemu omwe mukufuna, osati dzina lomwe anzanu akutchula. Ngati mukugula latsopano, 12GB ikhale poyambira, ndipo pa sikirini ya 1440p yesetsani kufika pa 16GB. Intel idaonetsa mu Disembala 2024 kuti zimenezi n'zotheka pamene idatulutsa Arc B580 ya 12GB pa madola 249, ngakhale khadi limeneli limafuna kompyuta yatsopanoko kuti lionetse mphamvu zake. Ngati ndalama zaperewera, khadi logwiritsidwapo kale ntchito monga RTX 3060 ya 12GB kapena RX 6700 XT ndi njira yabwino, bola muliyese musanalipire: liikidwe m'kompyuta, gemu yolemera iyende kwa mphindi makumi atatu, muone kutentha kwake ndi kumvetsera mafani. Ambiri mwa makhadi a nthawi imeneyo adagwira ntchito usana ndi usiku pokumba ndalama za Ethereum mpaka mu Seputembala 2022. Onaninso ngati power supply yanu ingakwanitse, chifukwa khadi labwino pa power supply yachabechabe, kuno komwe magetsi amathimathima, ndi ngozi yodziitanira.

Koposa zonse, funsani funso limodzi musanatulutse ndalama: khadi ili lili ndi memore yochuluka bwanji? Wogulitsa akayamba kuzungulira, werengani nokha pa bokosi. Safunsa adadya phula. Makampaniwa adzasiya kupanga makhadi a 8GB pa mtengo wa madola 300 tsiku lomwe makhadiwo adzayambe kuchita fumbi m'mashelefu, monga momwe RTX 4080 ya 12GB idabwezedwera anthu atakana. Owerenga anzanga, ndalama zanu mudazivutikira. Ngati lero sizikukwana khadi loyenera, sungani miyezi ina iwiri, koma la 8GB latsopano lisiyeni pomwepo.