Tchaja Yofunda Imadya Mayunitsi a Mwini Nyumba

Aliyense amene anakhudzapo tchaja ya foni imene yagona pakhoma usiku wonse akudziŵa kuti ina imakhala yofunda ngati mbatata yongophulidwa kumene. Kufundako si chizindikiro cha mphamvu ayi. Ndi magetsi amene mwini nyumba analipira kale pa mita, koma m'malo moloŵa m'batire asanduka kutentha, natayika.

Ntchito ya kachipangizoka ndiyo kutsitsa magetsi a pakhoma, amene kuno ku Malaŵi ndi mavoloti 230, kuwafikitsa pa mavoloti 5 amene foni imalandira. Posintha chotero magetsi ena amatayika ndithu, ndipo tchaja yopangidwa mwachinyengo imataya ambiri. Choipitsitsa nchakuti imapitiriza kudya ngakhale foni itachotsedwa kale.

Maiko ena anaona vutoli naika malamulo. Ku America, kuyambira mu February 2016, tchaja yaing'ono siloledwa kudya magetsi opitirira mawati 0.1 pamene palibe chimene ikutchaja, ndipo yokwaniritsa muyezowu imalembedwa chizindikiro cha VI m'kati mwa kamzere kozungulira. Maiko a European Union anaika malire omwewo kuyambira pa 1 April 2020, pamene m'chaka cha 2010 malire awo anali mawati 0.5. Wophunzira wa Fomu 2 angathe kuŵerengera yekha: chaka chili ndi maola 8,760, tsono tchaja yodya mawati 0.5 ikasiyidwa pakhoma chaka chonse imatha mayunitsi opitirira anayi, pamene ya mawati 0.1 sikwanitsa ngakhale yunitsi imodzi.

Wina anganene kuti mayunitsi anayi pachaka si nkhani yoti anthu achezere. Pa nyumba imodzi akunena zoona. Koma munthu wa ku Malindi ali ndi chifukwa china choiganizira nkhaniyi. Madzi amene asodzi amaponyamo makoka awo ndi omwewo amene amatuluka m'nyanja kuloŵa mumtsinje wa Shire pafupi ndi Mangochi, nadzera ku Malombe ndi ku Liwonde mpaka kukazunguza makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Nyanja itaphwera mu 2016 ndi 2017, dziko linakhala mumdima maola ambiri patsiku. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, mamegawati pafupifupi 130 anasoŵa nthaŵi imodzi. Magetsi opezeka movutikira chotere sayenera kuthera m'matchaja mamiliyoni ofunditsa makoma, pamene chipatala cha St Martin's ndi sukulu ya atsikana ya St Michael's zikuwafuna usana ndi usiku. Nanga banja lodalira kasola kamodzi ndi batire? Kwa iwo kutayikako kumaoneka madzulo omwewo, nyale ikazima mwana asanamalize kuŵerenga.

Palinso china. Fakitale imene katundu wake wakanidwa ku Ulaya siimutaya kudzala. Imamfunira msika kumene sadzafunsidwa mafunso. Matchaja amafika m'boma la Mangochi m'njira zambiri: ena m'makatoni a amalonda, ena kudzera pa chipata cha Chiponde, enanso m'zikwama za anyamata obwerera ku Joni, okhala ndi mapulagi osagwirizana ndi masoketi a kuno, kotero kuti amakankhidwamo mokakamiza. Wogula sangatsegule tchaja pamsika kuti aone zam'kati. Chimene angachite nkuŵerenga zolembedwa pamsana pake, ndipo apa aphunzitsi a sayansi ali ndi phunziro losafuna labotale: tchaja ziŵiri, foni imodzi, ndi dzanja la mwana lokhudza kuti limve yofunda koposa.

Komabe zilembo amatha kuzinamizira, ndipo katundu wa mtengo wotsika amakopa munthu amene m'thumba mwake mwauma. Nchifukwa chake udindo waukulu uli ndi mabungwe a boma. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, limayeza katundu woloŵa m'dziko, ndipo la MERA limayang'anira za magetsi. Mabungwe aŵiriŵa sakufunika kupeka muyezo watsopano, pakuti wa mawati 0.1 unayesedwa kale kwina ndipo mafakitale aakulu anauzoloŵera. Chofunika nchakuti muyezowo ufunsidwe pachipata, ndi kuti matchaja ena azitengedwa m'makatoni momwemo kukayezedwa asanafike pa benchi la wogulitsa ku Malindi.