Jazi ya ku Zimbabwe isaiwale makomboni

Woimba sakisofoni wa ku Harare akatulutsa chimbale chatsopano, kawirikawiri timauzidwa kuti luso analitengera kwa August Musarurwa wa ku Zvimba, mwini nyimbo ya Skokiaan, ndi Louis Armstrong amene anaijambulanso mu 1954. Izi sindikutsutsa. Chimene ndikukana n'chakuti mndandandawo uzithera pomwepo, ngati kuti m'makomboni a mafamu a fodya ku Mashonaland simunkalira ng'oma.

Zinkalira ndithu. Anthu ochokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia amene ankathyolera azungu fodya anabwera ndi gule wamkulu. Nicholas Zakaria wa ku Mazowe ndi Alick Macheso wa ku Shamva ndi ana a Amalawi, ndipo nyimbo zawo za Chichewa zavinitsa dziko lonse. Komabe sungura imayesedwa ya anthu osaphunzira, jazi ya mabwana. Mabwana ake ati? Skokiaan yomweyo ndi dzina la mowa woletsedwa.

Chipongwechi sichithera pa nyimbo. Anthu omwewa ankanyozedwa kuti mabhurandaya. Kulanda mafamu kwa mu 2000 kunawataitsa ntchito ndi pogona, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasandutsa ambiri alendo m'dziko lobadwira mpaka malamulo atsopano a 2013. Kusawatchula pa chimbale n'kupitiriza zomwezo.

Inu oimba jazi, pitani ku Shamva mukamvere ng'oma za Nyau. Mukatapako, mutchule komboniyo, ndipo oimba ng'omawo muwalipire.