Kugona mu Blantyre ndi kathumba kochepa

Ife a ku Mulanje sitipita ku Blantyre kukasewera. Ukaona munthu wakwera minibasi pa Chitakale m'bandakucha, dziwa kuti akutsata pasipoti, akukapikula katundu ku Limbe, kapena akuperekeza wodwala ku chipatala cha Queen Elizabeth, chimene ambiri timangoti ku Gulupu. Msewu wa Midima si wautali, koma zinthu za m'tauni sizitha tsiku limodzi. Akangoti "mubwerenso mawa m'mawa," funso limakhala lakuti tigona kuti.

Kale yankho linali kwa achibale ku Ndirande kapena ku Bangwe. Lero m'baleyo akuchita lendi kanyumba ka chipinda chimodzi, ana anayi, madzi ogula pa ndowa. Chigwereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mlendo wa masiku atatu ndi katundu wolemera ngakhale kwa wokukonda. Mahotela nawo si athu. Chotsala ndi resitihausi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Ngakhale Msamariya wa pa Luka 10 anakasiya wovulala uja ku nyumba ya alendo, nalipira.

Cholakwa chathu n'chakuti timafuna malo kutada. Zinatichitikira titaperekeza mayi athu kukaonetsa maso. Tinatuluka m'chipatala dzuwa litapendeka, miyendo ili lende, ndipo mnyamata wa kabaza anatilozera malo "otchipa zedi." Tinalipira tisanaone chipinda. Kuseri kwa khoma kunali bawa, nyimbo mpaka tambala woyamba, anthu akulowa ndi kutuluka m'zipinda usiku wonse. Loko wa chitseko anali msomali wokhota. Mayi sanagone, ndipo m'mawa mwake magazi awo anathamanga kuposa masiku onse. Patatha milungu iwiri tili kwathu, ana anayamba kudzuka ndi zotupa zondondozana m'mikono. Tinali titabwera ndi nsikidzi m'chikwama.

Nsikidzi tizinene bwino, chifukwa ambiri timaziona mopepuka. Masana zimabisala m'misoko ya matiresi, m'ming'alu ya bedi ndi ya khoma, ndipo zimatha miyezi osadya koma osafa. Musanapereke ndalama, pemphani kiyi, funyululani bulangete, tukulani matiresi, muunike m'misoko ndi tochi ya foni. Timadontho takuda ngati ta inki ndi ndowe zake. Mukationa, tsanzikani mwaulemu. Chikwama musaike pabedi kapena pansi m'mbali mwa khoma. Chimangeni m'jumbo lalikulu. Pofika kunyumba, zovala zonse zilowe m'madzi otentha kwambiri zisanalowe kuchipinda, kenako zisitidwe. Kutentha kumapha nsikidzi ndi mazira ake omwe.

Ndipo chonde, zikakulowerani m'nyumba, musatenge mapiritsi ofukizira chimanga kapena mankhwala a m'munda n'kuika kuchipinda chogona. Mpweya wa mapiritsi aja umapha munthu ali m'tulo, makamaka ana. Nsikidzi zimayabwa, koma sizidziwika kuti zimafalitsa matenda. Funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.

Kachiwiri, onani chimbudzi ndi mpopi. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre inali pakati pa malo okhudzidwa kwambiri. Madzi a mu ndowa ya pakhonde simudziwa kumene atungidwa. Kabotolo ka WaterGuard sikalemera. Thirani monga mwa malangizo, dikirani mphindi 30. Sopo ndi neti tengani zanu. Neti za m'malo otere nthawi zambiri zimakhala ndi mabowo olowa nkhonya.

Chakudya ndicho chimatha ndalama mwakachetechete, komanso ndiwo za m'malesitilanti sudziwa kuti mphika wake waphikamo chiyani dzulo. Ife a kuphiri tili ndi mwayi: nthochi, mapeyala, chinanazi, mtedza wokazinga, chigumu, mbatata yophika. Zimenezi zimasunga munthu masiku awiri, yotsalayo n'kulipirira chipinda chabwinoko pang'ono, chakutali ndi bawa. Kusiyana kwa mtengo nthawi zambiri sikufika pa zimene tinaononga ife pothana ndi nsikidzi.

Pali chinthu china chimene ife Aadiventi timachiiwala ngati kuti tilibe. Ku Soche, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, konseko kuli mipingo yathu. Musananyamuke, uzani abusa kapena akulu a mpingo kwanu aimbire anzawo a m'tauni. Sikuti mukagone kwa iwo ayi, koma amadziwa malo aulemu ndi malo oyenera kuwalambalala, ndipo amayi a Dorika amayendera odwala ku Gulupu. Ulendo ukagwera Lachisanu, lipiriranitu mausiku awiri dzuwa lisanalowe, chakudya cha Sabata chikhale m'manja, kuti m'mawa mukapembedze ndi mtima umodzi.

Ulendo wachiwiri wa mayi tinachita zimenezi. Tinafuna malo cha m'ma 2 koloko masana, tinakana zipinda ziwiri, chachitatu chinali chaching'ono, simenti yokha pansi, zenera loyang'ana pa mtengo wa mango. Mayi anagona mpaka tinachita kuwadzutsa kuti tikagwire mzere.